Bilu ya madzi ya malemu

Ntchito yophika pasukulu ina yogonera komweko ndinaipeza ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, nditatha zaka khumi ndi chimodzi ndikuchapa zovala m'makomo mwa anthu muno mu Chipata. Linali Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, nyengo imene mapiri ozungulira tauni amaoneka ngati akufuka utsi. Bambo woona za malipiro pasukulupo anandiuza kuti anditenga, koma ndisanamalize n'komwe kuthokoza anawonjezera mawu ena. Malipiro sapereka pamanja ndipo satumiza pafoni, amadzera kubanki basi. Ankafuna nambala ya akaunti yanga pofika Lachisanu 4 koloko madzulo, chifukwa ndiyo nthawi imene amatseka mndandanda wa antchito.

"Mukakangiwa, amayi, musatinene," anatero akutseka buku lake. "Pali mzimayi wina tamuuza kuti ayembekeze, ndipo iye akaunti ali nayo kale."

Potuluka ndinamuona mzimayiyo atakhala pabenchi, kachikwama kali pamiyendo. Sanandilakwire chilichonse, koma ndinamuda pomwepo ndipo sindinamupatse moni. Ntchito imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Manja anga anali atayamba kusweka ndi sopo, msana unkandipweteka, ndipo mwana wanga wamkazi anali atatsala chaka chimodzi kuti amalize sukulu. Ganyu yochapa ilibe mawa: lero akuitana, mawa umva kuti abwana agula makina.

Kubanki ndinapita tsiku lomwelo. M'moyo mwanga ndinali ndisanalowemo, ndinkangodutsa panja n'kumaona mlonda akutsegulira anthu ovala bwino. Mkati munali kuzizira ngati Juni, koma ine thukuta linali kamukamu. Nditaima pamzere pafupifupi maola awiri, ndinafika padesiki ya mtsikana wina wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Ndinamupatsa reji yanga, chitupa chija tonse timayenda nacho, ndi zithunzi ziwiri zimene ndinajambulitsa panjira. Anaziona, nagwedeza mutu, kenako anafunsa za umboni wa kumene ndimakhala.

"Nikhala ku Kapata," ndinayankha. "Zaka leveni. Mufunse aliyense kuja, anidziwa."

"Sitikukana, mami. Koma kompyuta sifunsa anthu, ifuna pepala."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo sindingamunamizire kuti anali wamwano. Pankafunika bilu ya madzi kapena ya magetsi yokhala ndi dzina langa. Ngati ndili wa lendi, ndibweretse bilu ya mwini nyumba, kalata yake yonena kuti ndimakhaladi pamenepo, ndi kope ya reji yake. Anandipatsa fomu kuti ndikalembe kunyumba, naloza ndi chikhadabo kabokosi kolembamo nambala ya nyumba.

Ndinabwerera wapansi mutu utaima. Nambala ya nyumba sindinkaidziwa, ndipo sindikukumbuka tsiku limene wina anandifunsapo. Kwathu mlendo timamulondolera ndi pakamwa: mukafika pachigayo mukhote, mudutse pa ogulitsa makala, mufunse pa amayi a vitumbuwa. Amayi a vitumbuwawo ndiwo anali eni nyumba anga, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri amene ankakazinga m'mawa uliwonse pakhonde. Iwo ankakhala m'nyumba yaikulu kutsogolo, ife a lendi m'zipinda zitatu za kuseri. Mpopi unali umodzi. Magetsi anali a mayunitsi ogula pafoni, kotero pepala lake kunalibe. Pepala lokhalo limene linkabwera pabwalo pathu mwezi ndi mwezi linali bilu ya madzi.

Nditafika ndinazungulira nyumba yaikulu kufuna nambala, ndipo ndinapeza ziwiri. Ina inali ya choko, yofufutika, imene anasiya anthu owerenga anthu. Ina inali ya utoto wabuluu, yaikulu, pafupi ndi chitseko, yooneka bwino ngakhale uli kumsewu. Ndinakumbuka kuti anailemba anthu a boma ovala yunifomu. Ndinati mumtima, boma silingalembe nambala yabodza pakhoma la munthu, ndipo ndinaikopera pafomu ndi bolopeni, mosamala ngati mwana wolemba mayeso. Sindinafunse munthu aliyense.

Lachiwiri m'mawa ndinadikira kuti ogula vitumbuwa achepe, ndinagwada pakhonde n'kufotokoza pempho langa. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya mphindi zisanu. Amayi aja anatsitsa chiwaya pambaula, napukuta manja pachitenje nthawi yaitali kuposa mmene mafuta ankafunira.

"Amake mwana, nipempheni china chilichonse," anatero. "Pepala iyai."

Chifukwa chake ndinkachidziwa, kungoti ndinali ndisanachiganizire. Amuna awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo pamaliro abale anasankha mng'ono wa malemu, wa kumudzi wina cha ku Mtenguleni, kuti ayang'anire chuma chamasiye. Mlamuyo anatenga njinga, makina osokera ndi malata amene anali atasungidwa kuseri. Chaka chilichonse akakolola ankabwera n'kumayendayenda pabwalo manja ali kumbuyo, akunena kuti nyumba yaikulu chonchi ndi yolemetsa kwa munthu wokalamba, ndi bwino kuigulitsa. Amayi aja sanasinthe dzina pabilu ya madzi chifukwa kusintha kunkafuna siginecha ya mlamu yemweyo. Ndipo iye akabwera, ife a lendi tinkasanduka abale. Ine ndinkakhala mwana wa achemwali awo, wongosungidwa, kuti asadziwe kuti kuseri kumalowa kandalama.

"Manje nilembe na dzanja langa kuti nili na anthu a lendi?" anandifunsa. "Pepala limayenda, amake mwana. Lero lili kubanki, mawa lili m'thumba la alamu anga. Aja a pakona anangosaina monga mboni chabe, lero nyumba ili kuti?"

Ndinayesa kunena kuti iyi si ngongole, palibe amene akukongola kanthu. Sanamve. Kenako mkwiyo unandikwera, ndipo ine ndikakwiya pakamwa sipakhala chitseko. Ndinawauza kuti zaka khumi ndi chimodzi ndasesa bwalo lawo, ndawatungira madzi mpopi ukauma, ndawanamizira kwa alamu awo, koma lero ndaona kuti ndine mlendo chabe, mame oti dzuwa likatuluka auma. Anabwezera chiwaya pamoto, ndipo ine ndinapita kuseri n'kukalowa m'chipinda manyazi atandigwira kale.

Lachitatu ndinalitha pamsewu. Ndinayamba ku parishi, poti ndinamva kuti kalata ya abambo ansembe nayo imathandiza. Mlembi wa muofesi anandiuza kuti abambo apita kumatchalitchi a kumidzi, abwera Loweruka, ndipo chidindo amakiyira okha. Ndinapita kusukulu kukapempha kalata kwa bambo wa malipiro uja. Anati iye angachitire umboni kuti akufuna kundilemba ntchito, koma kumene ndimagona sakudziwa, ndipo sangasaine chinthu chimene sanaone. Ndinaganiza zopita kumudzi kwathu kukatenga kalata kwa amfumu, koma ikananena kuti ndimakhala kumudzi, kumene ndinachoka banja litatha, nditagwira mwana padzanja. Munda umene unali wanga akulima ndi achimwene anga, ndipo nyumba yanga inagwa kalekale. Kumudzi sindikhalako, m'tauni pepala silindidziwa. Ndinaima pansi pa mtengo pafupi ndi msika n'kumadzifunsa kuti kodi zaka zonsezi ndakhala kuti.

Pafupi ndi pamene ndinaimapo panali kashopu kojambula mapepala. Mwini wake anaona fomu m'manja mwanga n'kudziwiratu vuto langa, poti anthu ngati ine amawaona tsiku ndi tsiku. Anandiitana n'kundinong'oneza kuti akhoza kundipangira bilu ya dzina langa pakompyuta, yooneka ngati yeniyeni, theka la ola chabe. Sindibisa, ndinalowa m'kashopuko ndipo ndinakhala pampando. Koma atandifunsa dzina kuti ayambe kulemba, ndinaganiza za mlonda wa kubanki uja akunditulutsa anthu akuona, ndi mwana wanga akumva kusukulu kuti amayi ake ali kupolisi. Ndinanama kuti ndaiwala kanthu, ndinatuluka osabwereranso.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Pakhomo pa chipinda changa panali beseni langa lovundikira, mwala uli pamwamba. Nditalivundukula ndinapeza bilu ya madzi ya mwezi umenewo itakulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Amayi aja anali pampopi akutsuka chiwaya, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Bilu chabe. Kalata iyai. Ibwere mawa, isagone kunja."

Lachinayi ndinali pakhomo la banki asanatsegule. Mtima unali utatsikako pang'ono. Ndinkadziuza kuti mwina mtsikana uja akaona bilu yeniyeni, za kalata aziiwala. Iye anayala fomu ndi bilu padesiki, nayendetsa chikhadabo uku ndi uku, kenako anakweza maso.

"Mami, nambala iyi mwalemba pafomu mwaitenga kuti? Siifanana na ya pabilu."

Ndinamuuza kuti ili pakhoma, pafupi ndi chitseko, yabuluu, inalembedwa ndi a boma. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka ngakhale ankayesetsa kudzigwira.

"Iyo ni ya aja opopera mankhwala a udzudzu. Amalemba kuti adziwe nyumba zimene apopera. Na kwathu iliko."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Bambo wina amene anali kumbuyo kwanga anamva, naseka poyera. Masiku atatu ndinali kuyenda tauni yonse ndi nambala ya udzudzu m'chikwama, ndikuiteteza kuti isanyowe ndi thukuta. Mtsikanayo anandipatsa fomu yatsopano, nati zimenezo n'zazing'ono. Vuto lalikulu linali dzina la pabilu. Anafunsa kuti bambo ameneyu ndi ndani, ndipo nditamuuza kuti ndi malemu, anapuma mpweya wautali. Anati munthu wakufa sangandichitire umboni. Pankafunika mkazi wake alembe kalata, kapena abwere yekha ndi reji yake ndi pepala la imfa ya mwamuna wake, asaine pamaso pake. Anawonjeza kuti mawa ndi Lachisanu, anthu amachuluka, ndisachedwe.

Panjira ndinkangoyang'ana dzina la malemu pabilu paja. Bambo ameneyu tinamuika m'manda ine ndikuona, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma mwezi uliwonse pepala linkabwera kudzatsimikiza kuti amakhala ku Kapata ndipo amamwa madzi. Ine wamoyo, amene ndinkatsegula mpopiwo m'mawa uliwonse, ndinalibe chondisonyeza. Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inangotuluka, ndipo woyendetsa njinga wina anandikalipira chifukwa ndinali kuyenda pakati pa msewu.

Nditafika ndinazunguliranso nyumba yaikulu, tsopano bilu ili m'manja. Nambala yeniyeni ndinaipeza pakona, kuseri kwa mtengo wa gwafa, kakang'ono kofiira kotsala pang'ono kufufutika, kobisika ndi mgolo wa madzi. Ndinabweza bilu ndi manja awiri. Sindinapemphenso kalata, chifukwa mawu anga a Lachiwiri anali akadali pakati pathu ndipo mphamvu zinali zitandithera. Ndinangonena kuti ntchito yapita, mzimayi wa pabenchi uja ndi mwayi wake. Kuti ndisalire pamaso pawo ndinawasimbira za nambala ya udzudzu. Anaseka mpaka kutsokomola, nandifunsa ngati ndinkafuna kuti banki izitumiza malipiro anga kwa udzudzu. Kenako anayala bilu ija pamiyendo n'kumaiyang'ana. Ine ndinapita kuseri kukaviika zovala za ganyu ya mawa lake.

Lachisanu ndinadzuka mutu ukuwawa. Chimene ndinazindikira poyamba chinali chakuti pabwalo panalibe fungo la mafuta. Mbaula inali yozizira, ndipo ana awiri amene anabwera kudzagula vitumbuwa ankabwerera manja ali m'thumba. Ndinaopa kuti amayi aja adwala. Ndisanagogode, chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka atavala chitenje cha kutchalitchi ndi duku woyera, jumbo ya mapepala ataikumbatira pachifuwa.

"Siyani zochapa, tiyeni," anatero. "Koma nikamva mawu amene sininakonde, nibwerera, musanigwire."

Mawondo awo sakanafika kutauni, kotero tinakwera njinga ziwiri. Njira yonse ndinkayang'ana msana wawo kutsogolo, ndikuopa kuti auza wanjingayo atembenuke. Kubanki mzere unafika mpaka panja. Mlonda anawapezera mpando, ine ndinaima, maso ali pawotchi ya pakhoma. 11 koloko inakwana, kenako 12. Cha m'ma 1 koloko anatiuza kuti netiweki yathawa, tidikire. Amayi aja anandiitana kawiri kundifunsa ngati kuli khomo lina lotulukira, ndipo kachiwiriko jumbo inali kale m'khwapa.

Titafika padesiki, mtsikana uja anawapatsa moni mwaulemu, natulutsa fomu ya mwini nyumba. Amayi aja anakana kugwira bolopeni mpaka awawerengere mzere uliwonse m'Chinyanja. Anafunsa ngati pepalalo lingapatse banki mphamvu pa nyumba. Mtsikanayo anati iyai. Anafunsa amene adzaliona. Anati lilowa m'faelo, silituluka. Anamasula jumbo, natulutsa reji ndi pepala la imfa lopindidwa kanayi.

"Ubale wanu na awa ni wotani? Ni m'bale wanu kapena ni wa lendi?" anafunsa mtsikanayo.

Ndinkadziwa yankho limene ankapereka kwa alamu awo chaka ndi chaka. Amayi aja anakankhira fomu kwa mtsikanayo.

"Lembani kuti ni wa lendi. Bodza lija nalema nalo."

"Akhala pa imwe zaka zingati?"

"Leveni. Anabwera na mvula yoyamba, mwana ali wamng'ono, na ndowa imodzi na mphasa. Usiku woyamba denga linadontha, n'nawagoneka kukhitchini kwanga. Pamene amuna anga anadwala ni awa ananyamula chakudya kuchipatala. Pamaliro abale onse anathamangira katundu, awa anagona pambali panga sabata yonse. Osati mame, iyai."

Mawu omalizawo ananena akuyang'ana ine. Mtsikanayo analemba nambala ya zaka yokha m'kabokosi, chifukwa malo ake anali omwewo. Ine ndinaweramitsa mutu. Amayi aja anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakati pa mano. Atamaliza anapempha kuti awajambulire kope yawo.

Nambala ya akaunti anandilembera pakapepala nthawi itadutsa 3 koloko. Ndinawakweza amayi aja panjinga yopita ku Kapata, ine ndinakwera ina, ndikumuchonderera wanjingayo kuti apalase ngati akuthawa moto. Kusukulu ndinapeza mzimayi uja ali pabenchi pomwe paja. Ulendo uno ndinamupatsa moni, ndipo iye atangoona kapepala m'manja mwanga anaimirira, nakonza chitenje, n'kumapita. Zinandipweteka, chifukwa ndinkadziwa njira imene ankabwerera nayo. Bambo wa malipiro anakopera nambala m'buku lake, nati ndibwere Lolemba 5 koloko m'mawa ndi epuloni yanga.

Kunyumba ndinapeza amayi aja atakhala pakhonde, duku atavula, kope ija ili pamiyendo. Maso awo sankaonanso bwino zilembo zing'onozing'ono, ndiye anandipempha kuti ndiwasonyeze pamene pali dzina lawo. Ndinaloza. Pamwamba pake panalembedwa kuti mwini nyumba. Anandiuza ndiwerengenso, ndipo ndinawerenganso. Anati kuyambira tsiku limene anamanga nyumbayo ndi amuna awo, akuumba okha njerwa, linali pepala loyamba kuwatchula choncho. Pansi pake panali dzina langa ndi nambala yofiira ija, ndipo kwa inenso linali pepala loyamba kunena kuti ndili ndi pokhala.

Mantha sanatithere. Tonse tinkadziwa kuti mlamu uja akakolola adzabweranso, ndipo bodza la mwana wa achemwali linali litatha. Ndinawafunsa kuti tidzamuuza chiyani. Anapinda pepalalo kanayi, naliika m'jumbo pamodzi ndi la imfa.

"Lero nakuchitirani umboni ine. Tsiku limenelo mudzanichitira imwe."

Ndinavomera. Kenako ndinapita kuseri kukatsukuluza zovala za eni ake zimene zinali m'madzi kuyambira dzulo lake, chifukwa zinali zitayamba kununkha.